Akamawerama, kodi ndiye kuti akunama?

Agogo, ndine mnyamata wa ku Chibavi, ndimakonza njinga zamoto za akabaza. Pali mtsikana yemwe ndikufuna kumutomera chaka chino. Ndinaona kavidiyo pa TikTok konena kuti munthu wabodza sayang'ana mnzake m'maso. Tsono ndikamufunsa komwe anali Loweruka, amangowerama n'kumwetulira pang'ono. Kodi sakundipusitsa?

Mdzukulu wanga, foniyo uyiike kaye m'thumba, tikambirane.

Ine ndinali namwino kuno ku Mzuzu kuyambira chipatala cha Mzuzu Central chisanatsegulidwe m'chaka cha 2000, ndipo nkhope zomwe ndaziyang'anitsitsa m'mawodi n'zosawerengeka. Kuwerama komwe kukukusowetsa tuloko, ndife akuluakulu tinamuphunzitsa mwanayo. Kwathu ku Dedza, mtsikana wotong'olera mkulu maso tinkati ndi wamwano. Nditabwera kumpoto kuno ndinapeza zomwezo: mtengwa amagwada, maso pansi, polonjera apongozi ake. Iwe watenga ulemu wake n'kuusandutsa umboni womuzengera mlandu. Kavidiyoko kachokera kwa anthu omwe amalera ana awo kuti aziyang'ana wamkulu m'maso polankhula, ndipo ngakhale kwawoko anthu ophunzira sakavomereza. Mu 2006, Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 200 pa nkhani ya kuzindikira bodza, ndipo anapeza kuti anthu amalondola maulendo pafupifupi 54 okha pa 100. Wongolota osayang'ana n'komwe amalondola 50. Banja siligwetsedwa pa kusiyana kochepa chonchi.

Usamve ngati ndikuti nkhope sinena kanthu. Imanena zambiri, ndipo kangapo inandithandiza kupulumutsa moyo. Ku chipinda chochirira kunkabwera amayi omwe analangizidwa kwawo kuti mkazi weniweni salira pobereka. Ukafunsa kuti, "Zili bwanji, mayi?" yankho linali loti, "Bwinobwino, anesi." Koma nsidze zatsika, zikope zafinyika, mlomo wam'mwamba wakwera ngati wanunkhiza choipa, nsagwada zalumana. Pakamwa pankasunga mwambo, nkhope inkandiuza kuti ndithamange. Ndinaphunzira kuyang'ana makamaka pamene mayiyo akuganiza kuti ndatembenuka, chifukwa ndi pomwe nkhope imamasuka.

Kumwetulira nakonso kuli pawiri. Dokotala wa ku France, Guillaume Duchenne, analemba mu 1862 kuti chimwemwe chenicheni chimakweza masaya n'kupanga timakwinya m'mbali mwa maso, pomwe kumwetulira kongokakamiza kumathera pa milomo. Mayi anga sanamveko za munthu ameneyu, koma mlendo wina akachoka ankati, "Uja amaseka ndi mano okha." Nthawi ya masiki, mu 2020, tonse tinakakamizika kuphunzira zimenezi, poti pakamwa panabisika, tinatsala ndi maso. Palinso tinkhope tina timene timadutsa ngati mphezi, osakwana ndi theka la sekondi lomwe, munthu asanadzigwire: milomo kuthina ndi mkwiyo, kapena nsonga zam'kati za nsidze kukwera ndi chisoni. Paul Ekman wa ku America anatha zaka zambiri akufufuza zimenezi. Koma iye yemweyo anachenjeza kuti mantha a munthu wosalakwa, yemwe akuona kuti sakumukhulupirira, amaoneka chimodzimodzi ndi mantha a wolakwa woopa kugwidwa. Nkhope ingakuuze kuti mumtima muli kanthu. Chomwe chabweretsa kanthuko, nkhope sikuuza.

Izi ndinaziphunzira mowawa. Panali mtsikana wina wodwazika mayi ake, matenda atafika povuta. Masiku onse nkhope yake inali gwa, osagwetsa msozi, kuyankha mawu amodziamodzi. Mumtima ndinamuweruza kuti ndi wouma mtima, ndipo ndinayamba kumulankhula mosasamala. Usiku wina ndinamupeza kuseri kwa khitchini ya odwazika matenda, ataluma chitenje kuti kulira kwake kusamveke. Ankaumitsa nkhope kuti mayi ake asaone kuti zinthu zavuta. Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira momwe ndinkamuyankhira, mtima umandipwetekabe.

Ndiye ngati ukufunadi kudziwa kuwerenga nkhope ya mnzakoyo, yamba wadziwa nkhope yake ya masiku onse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muone akamanenerera mtengo wa chitenje ku Taifa, akamaseka ndi anzake a kwaya, akatopa, akakwinyika ndi chisanu cha mu Juni chija chomwe chimachititsa tsinya aliyense m'tauni muno. Pali anthu obadwa ndi nkhope yooneka ngati yokwiya, pali ena omwetulira ndi pamaliro pomwe chifukwa cha manyazi. Chomwe chimalankhula ndi kusintha. Ngati amawerama nthawi zonse ukamufunsa za iye mwini, ndi chibadwa ndi maleredwe. Ngati munthu wokonda kucheza wangoti zii mwadzidzidzi, pamenepo pali nkhani, koma ikhoza kukhala matenda kunyumba, ngongole ya ku banki m'khonde, kapena mawu omwe iwe mwini unalankhula dzana.

Ndipatuke pang'ono, poti unamwino suchoka m'magazi. Pali nkhope imodzi yosafuna kudekha: mbali imodzi ikagwa mwadzidzidzi, pakamwa kupotoka, mawu osamveka bwino kapena mkono kufooka. Imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Osayamba kufunsa kuti wakwiyira ndani, thamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Tibwerere kwa iwe. Sunandiuze kuti nkhope yako imaoneka bwanji pomwe ukufunsa za Lowerukalo. Ndikukuona m'maganizo mwanga: tsinya pamphumi, maso tong'o, ukudikira kuti aphethire ngati wapolisi pa rodibuloko. Ndani sangawerame? Ndipo kumwetulira pang'ono komwe ukukukayikirako, kawirikawiri ndi kwa munthu wofuna kuziziritsa mnzake yemwe wayaka.

Musakhale moyang'anizana ngati pabwalo la milandu. Mutengane wapansi kuchokera ku Chibavi kulowera m'tauni, muli phewa ndi phewa, maso onse kutsogolo. Anthu amanyazi amamasuka akamayenda. Umuuze kuti, "Ndikakufunsa za Loweruka umakhala ngati pali chokulemera, ndipo ine zimandidetsa nkhawa." Ukatero tseka pakamwa, umupatse nthawi, ngakhale mufike pa Katoto asanayankhe. Zomwe anenezo zikakusiyabe ndi mtima wolemera, kalankhule ndi malume ako musanatume thenga kwawo kwa mtsikanayo, ndipo ukandiuze momwe mwayendera.