Mkanda wa nyenyezi pakhomo la msonkhano wa amayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene akuphunzira ku Manchester. Akuti pa msonkhano wina wa amayi kumeneko, mayi wina atavala mkanda wa nyenyezi ya Davide, chizindikiro cha Ayuda, anauzidwa kuti asanapatsidwe mpata woyankhula, ayambe wanena mbali imene ali pa nkhondo ya ku Gaza. Mayiyo anabwera kudzakamba za malipiro a anamwino. Funso la mchemwali wathuyu ndi lakuti: kodi kumeneku n'kudana ndi Ayuda, kapena anthu amangoimira amayi a ku Palestine?

Achemwali, ine ndikuti kunali kusala. Ndipo mkangano umenewu sunayambe dzulo.

Mu 1975 bungwe la United Nations linachititsa msonkhano woyamba wa amayi a dziko lonse ku Mexico City. Chikalata chimene anatulutsa chinaika Zionism, ganizo lakuti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo, pamodzi ndi utsamunda ndi apartheid monga zinthu zoyenera kuthetsedwa. Leah Rabin, mkazi wa nduna yaikulu ya Israel panthawiyo, ataima kuti ayankhule, nthumwi zambiri zinanyamuka n'kutuluka. Mu November chaka chomwecho UN inavomereza chigamulo nambala 3379 chonena kuti Zionism ndi tsankho, mayiko 72 akuvomera, 35 akukana. Mwina simudziwa kuti Malawi anali mwa okanawo; Kamuzu sanadule ubale ndi Israel mu 1973 pamene mayiko ambiri a mu Africa anadula. Chigamulocho chinafafanizidwa mu 1991.

Pa msonkhano wachiwiri wa amayi a dziko lonse, ku Copenhagen mu 1980, zinthu zinafika poipa, ndipo amayi achiyuda ambiri anabwerako ali ndi mabala mumtima. Letty Cottin Pogrebin, mlembi wachiyuda wa ku America, analemba madandaulo awo m'magazini ya Ms. mu 1982. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ena mwa amayi amene anadzutsa gulu lomenyera ufulu wa amayi ku America, monga Betty Friedan ndi Bella Abzug, anali Ayuda. Wakumba chitsime ndi manja ake, tsiku lotunga akumufunsa kuti ndiwe mwana wa yani.

Koma ndimakonda kukumbutsa anthu za msonkhano wachitatu, wa ku Nairobi mu 1985. Kumeneko anakangana mpaka usiku, ndipo eni mudzi, nthumwi za Kenya, anathandiza kuti mawu akuti Zionism achotsedwe, m'malo mwake alembe kuti mitundu yonse ya tsankho. Ndime yonena za mavuto a amayi ndi ana a ku Palestine inatsala m'chikalatamo. Onani bwino pamenepa, achemwali: kulira kwa mayi wa ku Palestine kunalembedwa, ndipo mayi wachiyuda sanathamangitsidwe pamphasa. Zonse ziwiri zinatheka tsiku limodzi.

Ndiye musavomere amene angakuuzeni kuti muyenera kusankha mmodzi. Kudzudzula boma la Israel sikudana ndi Ayuda ayi. Ayuda ambirimbiri amadzudzula boma la Netanyahu m'misewu ya Tel Aviv momwemo. Amayi a ku Gaza akwirira ana awo, ndipo msonkhano wa amayi umene sungatchule zimenezo ndi wogontha. Vuto limayamba pamene munthu akuimbidwa mlandu chifukwa cha mtundu wake. Ayuda oposa theka sakhala n'komwe ku Israel. Inuyo, wina atakuimikani pakhomo kuti muyankhe kaye zimene boma la ku Lilongwe lachita, apo ayi musalowe, mungamve bwanji? Nanga wovala mtanda anafunsidwa chiyani tsiku limenelo?

Zofanana ndi zimene munaonazo zinachitika ku Chicago mu 2017, pamene amayi atatu anauzidwa kuchoka pa Dyke March, perete wa amayi okondana ndi amayi anzawo, chifukwa mbendera zawo zinali ndi nyenyezi ya Davide. Gulu la amayi la ku America la Women's March nalo linagawanika Tamika Mallory, mmodzi wa atsogoleri ake, atapezeka pa msonkhano wa Louis Farrakhan mu 2018, munthu wodziwika ndi mawu onyoza Ayuda. Ndipo pambuyo pa chiwembu cha Hamas ku Israel cha pa 7 October 2023, bungwe la UN Women, nthambi ya UN yoona za amayi, linatenga pafupifupi masabata asanu ndi atatu lisanadzudzule poyera malipoti a nkhanza zogwirira amayi tsiku limenelo. Ife amene timaimba tsiku ndi tsiku kuti mayi akadandaula mumumvere, kuchedwa kumeneko kunatichititsa manyazi.

Munafunsanso ngati muyenera kulankhulapo, poti ndinu mlendo kumeneko. Ine ndikanakhala inu sindikanakweza mawu m'holo. Ndikanapita kwa wapampando nthawi ya tiyi n'kumufunsa mwaulemu ngati funso lija linafunsidwa kwa aliyense woyankhula kapena kwa mmodzi yekhayo. Mukatero mumufunefune mayi uja, mumufunse za malipiro a anamwino aja, poti nkhani yake sanaimalize.