Za Momo ndi airbag, yankho kwa achimwene a ku Luchenza

Imelo yomwe yandipeza Lachiwiri ndi yaifupi. Achimwene ena a ku Luchenza ali ndi Vitz ya 2009, chiwongolero chake chasenda mpaka chikumata m'manja kukatentha, nde awona ka Momo, kachiwongolero kakang'ono kokongola ka mipikisano kopanda airbag, pa Facebook, wogulitsa ali ku Limbe. Wawauza kuti airbag, chithumba cha mpweya chija chimatuluka m'chiwongolero pa ngozi, ingochotsani, bola lamba mukumanga. Akufunsa ngati pali vuto.

Achimwene, imelo yanuyi ndaiwerenga katatu, lilime likungopita lokha pomwe panali mano anga awiri akutsogolo.

Mu 2015 ndinagula galimoto yanga yoyamba, RunX ya siliva, ndinakaitenga ndekha ku Songwe, ndalama zina zinali za ngongole ya banki m'khonde ya mayi akunyumba ndipo mpaka lero nkhani imeneyi imatulukabe tikakangana. Sipanathe miyezi itatu ndinayamba kuona kuti chiwongolero chake nchachikulu ngati cha basi, cha madala. Anzanga tikakumana pa boma Loweruka wina Altezza wina Subaru, aliyense ka steering kakang'ono ka mizere yachikasu pamwamba, ine manyazi. Ndinagula yanga ku Limbe komweko, pakati polembedwa Momo, koma Momo yeniyeni imapangidwa ku Italy ndipo mtengo umene ndinapereka sukanagula ngakhale bokosi lake. Ndinkadziwa. Ndinangotseka maso.

Makaniki anandiikira, sindimutchula poti ndi munthu wabwino ndipo ndine ndinamukakamiza. Anachotsa airbag, anamanga boss kit, chitsulo chomangirapo chiwongolero chatsopanocho, tikuliza galimoto kalayiti kochenjeza za airbag, ka SRS, pa dashibodi osazima. Iye nkuseka, akuti bwana imeneyo ndi nkhani yaing'ono, anatenga ka resistor kakang'ono ngati njere ya mpunga nkukalowetsa mu pulagi yachikasu ya airbag. Kalayiti zii. Chomwe ka resistor kamachita ndi kunamiza kompyuta ya galimoto kuti airbag ilipo pomwe ili m'katoni kuseri kwa chitseko. Ine ndinamuwonjezera ya fanta pomuthokoza kuti ndi katswiri kkkk.

June wa chaka chotsatira, chiperoni chamasiku atatu chija chomwe a kuno mukuchidziwa, nkhungu yoti minda ya tiyi osaiona ngakhale uli m'mbali mwake. Ndikuchokera ku Bvumbwe madzulo, ndagula thumba la kabichi ndaliika pampando wakutsogolo. Nditadutsa pa Thunga ndinangoona chinthu chakuda chatulukira, ngolo ya thirakitala yodzadza nkhuni, kumbuyo kopanda layiti ngakhale imodzi. Sindinkathamanga, mwina 50, lamba ndinamanga. Buleki ndinaponda koma msewu wonyowa uja galimoto inangotsetsereka ngati pa sopo. Nkhope yanga inakafika pachitsulo chapakati pa Momo, mano awiri pompo, mphuno kusweka, chiwongolero chenichenicho chinapindika ngati waya wa mahang'ala.

Nde mverani ichi. Airbag ya mbali ya pasenja inatuluka bwinobwino. Kabichi sanavulale ngakhale tsamba limodzi. Anthu amene anabwera kudzanditulutsa, mayi wina wogulitsa nthochi anayang'ana thumba lija, nkuyang'ana ine magazi ali chuchuchu, nkuti "koma abambo inu, mwateteza ndiwo". Mawu amenewa ndimawamvabe.

Tsopano za "bola lamba" zomwe wakuuzani wogulitsayo, bodza lenileni ndi limeneli ndipo limandikwiyitsa chifukwa limamveka ngati nzeru. Lamba wa magalimoto a ku Japan a zaka zimenezi sali ngati chingwe chomangira mbuzi. Ngozi ikachitika amayamba wakukokerani kumpando mwamphamvu, kenako amamasuka pang'ono dala kuti asakuthyoleni nthiti ndi chifuwa. Amamasuka chifukwa amene anapanga galimotoyo anawerengera kuti kutsogoloko kuli airbag yoti ilandire mutu. Mukaichotsa, lamba sadziwa, amamasukabe momwemo, nkukuperekani bwinobwino kuchitsulo. Airbag imadzadza m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, mamilisekondi 30 kapena kuposerapo pang'ono, palibe mkono wa munthu umene ungajijirize pa nthawi imeneyo, ngakhale mumanyamula zitsulo ku jimu.

Ena amati nanga a mipikisano bwanji alibe airbag. Eya alibe, koma ali ndi chipewa cholimba, malamba anayi kapena asanu ndi limodzi owapanikiza kumpando, zitsulo zozungulira mkati mwa galimoto, ndipo pamsewu pawo sipatuluka kabaza atanyamula matumba atatu a makala. Inu mukuyenda msewu wa Limbe mpaka Muloza, pa Chonde tsiku la msika, mutavala T-shirt. Kale ndinkati aliyense ndi galimoto yake achite zomwe akufuna, pano ndasiya kunena choncho, chifukwa Vitz imeneyo mawa mubwereka mlamu wanu, mkuja muigulitsa kwa mphunzitsi wina amene adzaona kalayiti kozima nkumaganiza kuti ndi wotetezeka. Resistor ija ndi yomwe imandinyansa kwambiri kuposa chiwongolerocho. Pa galimoto zina za ex-Japan zomwe zikugulitsidwa zitachitapo ngozi anthu akuchita zomwezi, kumata chivindikiro ndi guluu mkati mulibe kanthu, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndingayambe kutukwana.

Pali mfundo imodzi yokha yomwe ndimaimvetsera munthu akamaopa airbag, ya Takata. Kampani ya ku Japan imeneyi inkaika ammonium nitrate m'kachitsulo kophulitsa airbag, mankhwala omwewo ali mu feteleza wa CAN amene timathira chimanga. Mankhwalawa akakhala zaka m'malo otentha ndi a chinyezi amawonongeka, nde pophulika kachitsulo kaja kamasweka nkumwaza zidutswa kumaso kwa munthu. Anthu anafa, magalimoto mamiliyoni ambiri a Honda, Toyota, Nissan, Mazda, Subaru ndi ena anaitanidwa kuti akasinthidwe, kampaniyo inagwa mu 2017. Ndipo kunena za chinyezi, Thyolo ndi Mulanje tilibe mnzathu, nsapato zimachita nkhungu zili mu wadilopu. Koma njira yake ndi kutenga chassis number, kuifufuza pa tsamba la recall, la magalimoto oitanidwa aja, la kampani yomwe inapanga galimotoyo kapena kufunsa kwa dila, ikapezeka ili m'gululo musinthitse kachitsuloko. Osati kuchotsa zonse nkuikapo mbale ya aluminiyamu.

Nde mutani ndi chiwongolero chomatacho?

Chisoketseni chikopa. Amene amasoka mipando ya galimoto ku Limbe amachita zimenezi, ndipo pali makava osokera ndi singano omwe mungamange nokha Lamlungu masana, pakati pomwe pali airbag osaphimbapo kapena kumatapo chibaji. Chikakhala choti chatheratu, pezani china cha Vitz ya mtundu womwewo kwa ogulitsa masipeya akale, airbag yanu yomweyo muisamutsire pamenepo. Wochita ntchitoyo achotse kaye waya wa negetivu pa batire nkudikira masekondi osachepera 90, matayala akhale owongoka, asazunguze clock spring, waya wokulungidwa uli kuseri kwa chiwongolero, chifukwa ikaduka huta ndi airbag zonse zafa, asapime pulagi yachikasu ndi mita yoyezera magetsi, ndipo airbag akaichotsa aigoneke chagada, chizindikiro cha Toyota chikuyang'ana kumwamba. Pomaliza lizani galimoto muone, kalayiti ka SRS kayake masekondi angapo kenako kazime kokha. Kakapanda kuyaka nkomwe, mwina wina anachotsa babu.

Momo yanga yopindika ija ikadalipo, mayi akunyumba anaikhomera pakhoma la khitchini, amakolekapo zipande.