Mkonzi wabweza pepala chifukwa cha marefarensi: muyambire pati?

Namwino wina wa muno mu Mzuzu wandilembera imelo. Anatenga mutu umodzi wa thesis yake, wonena za malungo kwa amayi oyembekezera, nkuukonza kuti ukhale pepala la mu journal ya zachipatala. Pepalalo labwerera lisanafike nkomwe kwa ounika, ndipo mkonzi wangonena kuti marefarensi sanatsatire ndondomeko ya Vancouver. Funso lake ndi lakuti: "Kusukulu anatizoloweza ndondomeko ina ya marefarensi, ya APA. Ndiyambe kulemba onse ndi manja kodi? Nanga malipoti aboma opanda dzina la wolemba ndiwatani?"

Achemwali, mtima pansi. Kafukufuku wanu sanakanidwe, ndipo izi zimakonzeka. Koma musazione ngati kuvuta chabe kwa mkonzi. Refarensi ntchito yake nkulondolera wowerenga kuti akafike pamene inu munafika, akaone yekha ngati zomwe mwanenazo zilidi pamenepo. Nambala ya tsamba ikalakwika, munthuyo wasokera, ndipo akasokera kawiri amayamba kukayikira ndi ziwerengero zanu zomwe.

Musanakhudze chilichonse, pitani pa tsamba la journal yanuyo mukawerenge malangizo a olemba mpaka kumapeto, kenako mutsegule mapepala awiri amene yatulutsa chaka chino. Vancouver inayamba pamene akonzi a ma journal azachipatala anakumana mumzinda wa Vancouver ku Canada mu 1978, gulu lomwe pano limatchedwa ICMJE, koma journal iliyonse imaikapo zake. Ina imafuna manambala m'mabulaketi, chonchi [4], ina imafuna timanambala tating'ono pamwamba pa mzere. Chimene chikulamulireni ndi malangizo a kumene mukutumizako.

Kusiyana kwakukulu ndi uku. Mu APA mumatchula dzina la wolemba ndi chaka m'kati mwa chiganizo, ndipo mndandanda wakumapeto umatsata alifabeti. Mu Vancouver gwero loyamba kutchulidwa limakhala 1, lotsatira 2, ndipo mukalitchulanso patsogolo limasunga nambala yake yomweyo. Mndandanda umatsata manambalawo. Olemba akachuluka, APA ya chisanu ndi chiwiri, yomwe inatuluka mu 2019, imalola mayina mpaka 20 pa mndandanda, pamene ma journal ambiri otsata Vancouver amafuna asanu ndi mmodzi oyambirira kenako et al., kutanthauza "ndi ena". Dzina la journal limafupikitsidwa motsata kaundula wa NLM, laibulale ya zachipatala ya boma la America: Malawi Medical Journal imakhala Malawi Med J. Musafupikitse mwa maganizo anu, kafufuzeni. Chaka, voliyumu, nambala ndi masamba zimalumikizana motere: 2019;31(2):45-52.

Tsono zolemba ndi manja, ayi. Ganizani ounika akadzati muwonjezere gwero lina m'ndime yachiwiri. Manambala onse otsatira adzasuntha, ndipo mudzagona pakati pa usiku mukusintha 12 kukhala 13 mpaka kumapeto. Ikani Zotero, pulogalamu yosungira ndi kulemba marefarensi, pa kompyuta yanu. Ndi yaulere, imalumikizana ndi Word komanso LibreOffice, ndipo mukaikamo magwero anu imagwira ntchito popanda intaneti, choncho bandulo simuidandaula. Pepala lililonse lokhala ndi DOI, nambala yodziwira pepala pa intaneti imene imayamba ndi 10, mumangoika nambalayo ndipo pulogalamuyo imakoka zonse yokha. Mkonzi wina akadzafuna APA, mumangosankha sitayilo ina, mndandanda wonse nkusintha. Mendeley nayo ilipo yaulere. EndNote ndi yogula.

Pulogalamu imatulutsa zomwe mwaipatsa basi. Zotengedwa pa Google Scholar kawirikawiri zimabwera zopanda masamba, kapena mutu wonse uli m'zilembo zazikulu. Tsegulani pepala lenilenilo muyerekeze, limodzi ndi limodzi. Poti nkhani yanu ndi ya malungo, yang'anitsitsani Plasmodium falciparum: P wamkulu, f wamng'ono, ndipo muone ngati journal yanu imafuna zilembo zopendekeka pa mndandanda.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza kwambiri, chifukwa zambiri zomwe timadziwa za dziko lathu sizili mu ma journal. Zili m'malipoti a unduna, a maboma, a mabungwe, ndi m'ma thesis. Lipoti lopanda dzina la munthu sikuti lilibe wolemba: wolemba wake ndi bungwelo. Tengani kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16. Olemba ake ndi National Statistical Office ya ku Zomba pamodzi ndi kampani ya ku America ya ICF, ndipo lipotilo linatuluka mu 2017. Chaka cholemba pa refarensi ndi 2017, osati chaka chimene anthu ankayenda m'midzi kufunsa mafunso. Ambiri amaphonya pomwepa. M'masamba oyambirira a lipotilo muli kalembedwe kamene eni ake amalimbikitsa, yambirani pamenepo. Mu Zotero dzina la bungwe muliike m'bokosi limodzi. Mukalisiya m'mabokosi awiri, pulogalamuyo imaliyesa dzina la munthu nkutulutsa Office NS. Polemba Ministry of Health onjezeranipo Malawi, chifukwa mkonzi wa ku London sangadziwe kuti ndi unduna wa dziko liti.

Pali kena kamene kakuvutitseni pang'ono. APA ya 2019 inachotsa mzinda kumene buku linasindikizidwira, koma Vancouver imaufunabe. Mabuku ndi malipoti onse a mu thesis yanu muyenera kuwabwerera kukapeza ngati ndi Lilongwe, Zomba kapena Geneva. Zimene munapeza pa intaneti muikepo adiresi yake ndi tsiku limene munaziona, chifukwa masamba amasuntha. Ndipo chikalata chilichonse chosowa chimene mwachigwira, chijambuleni musunge. Ife a kuno sitingaiwale kuti laibulale ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015. Chinthu chimene chili pa shelefu imodzi yokha chikhoza kutha usiku umodzi, ndipo wounika akadzafunsa umboni mudzafuna pogwira.

Zimene mkulu wina wa ku ofesi ya zaumoyo anakuuzani pakamwa sizilowa pa mndandanda, poti wowerenga sangakazipeze. Muzitchule m'kati mwa nkhani, ndi tsiku lake, mutapempha chilolezo cholembedwa kwa mwini mawuwo.

Apa ndiye ndikupempheni ndi mtima wonse: musatchule chimene simunawerenge. Ndi zofala kuona chiwerengero m'pepala la munthu wina nkutenga refarensi yake ngati mwafika nokha kugweroko. Cholakwa chimodzi chimayenda chotero kuchoka pepala lina kupita lina kwa zaka. Ngati gwero lenileni simukulipeza, nenani poyera kuti mwazipeza kudzera mwa wina. Chimodzimodzi ndi mapulogalamu ngati ChatGPT: amatha kupeka refarensi yooneka bwino, mayina ndi masamba omwe, ya pepala limene kulibe. DOI iliyonse muiyese pa doi.org muone ngati ikukufikitsani pa mutu womwewo. Onaninso ngati pepala lina silinachotsedwe ndi journal yake litapezeka ndi vuto. Zotero imachenjeza za mapepala otere pogwiritsa ntchito kaundula wa Retraction Watch.

Mukamaliza, sindikizani mndandandawo muuwerenge ndi cholembera m'manja, chifukwa maso amadumpha zambiri pa kompyuta. Nambala iliyonse ya m'nkhani ikhale ndi mnzake kumapeto, ndipo pasapezeke gwero lakumapeto limene silinatchulidwe m'nkhani. Sungani fayilo imodzi yolumikizidwabe ndi Zotero, yodzagwiritsa ntchito ounika akadzayankha. Mupange fayilo ina yofanana nayo, muidule ku Zotero kuti manambala asasokonekere kwa mkonzi, ndipo imeneyo ndiyo mutumize, pamodzi ndi kalata ya mizere iwiri yonena kuti marefarensi mwawakonza motsata malangizo awo.