Sukulu ya Quaker ku England: mwana sadzalowerera?

Mayi wina wokhala ku England walemba kuti: "Ndikufuna kulowetsa mwana wanga wa zaka 11 sukulu ya Quaker, koma ndamva kuti ana amaitana aphunzitsi ndi maina awo, amangokhala duu osapemphera, kwinaku akulima dimba. Ine ndikufuna adzakhale dokotala. Sadzandilowerera?"

Mayi, makalata otere ndimalandira ambiri, ndipo udokotalawo umanditopetsa. Mwana wa zaka 11 mwamusankhira kale ntchito, mwamufunsa mwiniwake?

Chiyambireni m'zaka za m'ma 1650, nthawi ya George Fox yemwe adayambitsa gulu lachipembedzoli, a Quaker amakhulupirira kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu. N'chifukwa chake m'masukulu awo ena mphunzitsi amaitanidwa ndi dzina. Ulemu wawo uli pa kusadula mnzako mawu, kunena zoona ngakhale walakwa, ndi kuthokoza wophika chimodzimodzi ndi ahedi. Kukhala chete kuja ndiko kupemphera kwawo: onse amakhala pamodzi, wina akakhudzidwa amaimirira n'kulankhula mwachidule, ndipo palibe womutsutsa. Mwana wozolowera zimenezi savutika kumvetsera m'kalasi.

Za dimba musazinyoze. Mu 2011, pamsonkhano wa ku Canterbury, a Quaker a ku Britain adalonjeza kuchepetsa mpweya wowononga nyengo, ndipo kusamala chilengedwe amakuona ngati mbali ya chikhulupiriro. Mwana akaunjika makoko a mbatata ndi masamba ouma kuti apange manyowa, muluwo n'kununkha chifukwa wanyowetsa ndipo mpweya sukulowa, amaphunzira kuutembenuza ndi kuwonjezera zouma. Imeneyo ndi sayansi yomwe adzaipeze pa GCSE, mayeso omwe ana a ku England amalemba ali ndi zaka pafupifupi 16.

Chodetsa nkhawa chenicheni ndi ndalama. Masukulu monga Leighton Park ku Reading ndi Bootham ku York ndi olipira, ndipo kuyambira Januwale 2025 fizi ili ndi msonkho wa VAT wa 20 peresenti. Thandizo la fizi amapereka ataona zomwe banja limapeza. Musawerengere kuti adzakulipirirani yonse. Funsani tsiku lotsekera mafomu chaka chathunthu mwana asanalowe, ndipo muwerengere yunifolomu, basi ndi maulendo a sukulu. Kumuchotsa pakati pa GCSE chifukwa cha ngongole kumapweteka kuposa kusamulowetsa n'komwe.

Thumba likalola, mulowetseni. Pitani tsiku loonera sukulu, mufunse ngati Biology, Chemistry ndi Physics amaziphunzitsa padera. Koma kugwada ndi kulandira chinthu ndi manja awiri kumeneko sakamuphunzitsa. Imeneyo ndi ntchito yanu kunyumba.