Madzi analowa mu masiki ndipo ndinathawira pamwamba: kodi ndileke scuba?

Ndalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa owerenga ena a ku Moatize, ndipo ndasankha kuiyankha poyera chifukwa vuto lawo limagwera anthu ambiri amene amachita manyazi kulitchula. Iwo anaphunzira kusambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane, n'kulandira satifiketi yoyamba. Atabwererakonso pa tchuthi, ali pa kuya kwa mamita pafupifupi 12, mnzawo anawamenya kumaso ndi chipsepse cha kuphazi mosadziwa, masiki (galasi lophimba maso ndi mphuno) inasuntha, madzi anadzaza m'mphuno, ndipo chimene akukumbukira n'chakuti anayamba kupalasa mwamphamvu kulunjika kumwamba mpaka mphunzitsi anawagwira pa jekete yothandiza kuyandama n'kuwabweza. Akufunsa kuti: "Kodi ndine wamantha woti ndingosiya? Ngati sindiyenera kusiya, ndiyeserere kuti, popeza kuno nyanja ya mchere ili kutali? Kodi mu Zambezi kapena ku Cahora Bassa sizingatheke?"

Achimwene, musasiye, koma musabwererenso kokuya mpaka mutakonza chimene chinakuchititsani kuthawa. Zimene zinakuchitikiranizo si umboni wa mtima wofooka. Ndi umboni wakuti luso lochotsa madzi mu masiki munalichita kangapo pa maphunziro kuti mphunzitsi akhutire, koma silinakhazikike m'manja mwanu. Mantha a pansi pa madzi sachoka chifukwa munthu wadzilimbitsa mtima ali pa boti. Amachoka pamene thupi lakumana ndi chinthu choopsacho mobwerezabwereza pamalo osaya, mpaka litasiya kuchiona ngati imfa.

Ndi bwino mumvetse kaye chimene chinachitika m'thupi mwanu. Madzi akakhudza m'kati mwa mphuno, thupi limatseka kukhosi lokha pofuna kudziteteza, ndipo munthu amaumira mpweya osaganiza. Akayambanso kupuma, amapuma mofulumira komanso mosafika pansi pa chifuwa, motero mpweya woipa wa carbon dioxide sutuluka wonse, umangounjikana m'magazi. Chimene chimatipatsa njala ya mpweya kwenikweni ndi kuchuluka kwa mpweya woipawu, osati kuchepa kwa oxygen. N'chifukwa chake munthu amamva ngati regulator (chipangizo cha m'kamwa chopumira mpweya wa mu silinda) yasiya kupereka mpweya, chikhalirecho geji ikuonetsa kuti mu silinda mudakali mpweya wambiri, ma bar oposa 100 (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya wa mu silinda). Akafika pamenepo maso amatong'oka, saonanso chizindikiro cha mnzake, manja amapalasa ngati akukwera makwerero, ndipo ena amafika polavula regulator, chinthu chokhacho chimene chikuwasunga ndi moyo.

Kuthawira pamwamba ndiko kumapha, osati madzi a mu masiki. Pa kuya kwa mamita 10 mphamvu yopanikiza thupi imakhala kuwirikiza kawiri ya pamtunda, ndipo pa mamita 20 imakhala kuwirikiza katatu. Mpweya umene mwakoka pa mamita 10 umafufuma kuwirikiza kawiri pofika pamwamba. Ngati mukukwera mutatseka kukhosi, mpweyawo umasowa kotulukira, ungang'ambe mapapo, ndipo thovu lake likalowa m'mitsempha ya magazi lingafike ku ubongo m'kanthawi kochepa. Ngozi imeneyi imatha kuchitika ngakhale pa kuya kwa mita imodzi kapena awiri ngati munthu wapuma mpweya wa mu silinda, choncho lamulo loti musaumire mpweya limagwira ntchito ngakhale mu pisina (dziwe lomangidwa losambiramo). Mphunzitsi amene anakugwirani uja anachita bwino kwambiri. Ndipo ngati tsiku lina inu kapena mnzanu mutatuluka mothawa n'kumva kupweteka pachifuwa, kutsokomola magazi, dzanzi, chizungulire kapena kufooka kwa dzanja kapena mwendo, musadikire kuti zitha zokha: pamafunika oxygen yokhayokha nthawi yomweyo, chipatala, ndi kuimbira foni bungwe la DAN, limene limalangiza pa ngozi za osambira pansi pa madzi usana ndi usiku.

Tsopano za kuyeserera. Gawo lalikulu la ntchito yanu silifuna nyanja kapena silinda, ndipo mungaliyambe komweko ku Moatize. Chofunika ndi snorkel (paipi yopumira nkhope ili m'madzi), beseni lalikulu la madzi, ndi munthu wina wokhala pambali panu. Ikani snorkel m'kamwa, musavale masiki, ndipo mizani nkhope yonse m'beseni kwinaku mukupuma: kukoka ndi pakamwa, kutulutsa pang'ono pang'ono ndi mphuno. Poyamba mudzamva madzi akukwera m'mphuno ndipo khosi lidzafuna kudzuka lokha. Likafuna kutero, tulutsani mpweya wina pang'ono ndi mphuno, madziwo adzabwerera, ndipo mupumenso kamodzi musanadzutse mutu. Mawa lake muwonjezere pang'ono. Mukafika poti mukutha mphindi imodzi kapena ziwiri nkhope ili m'madzi, mtima osathamanga, yambaninso kukoka ndi kutulutsa ndi pakamwa pokha mphuno ili yotseguka, chifukwa luso lenileni ndi lakuti mphuno ikhale m'madzi popanda kukoka kanthu. Kenako pitani ku pisina ya pa hotelo kapena ya pa kalabu mumzinda wa Tete, muime pamene madzi akulekeza m'chiuno, ndipo muchite zomwezo mutatsegula maso, kenako mukusambira pang'onopang'ono. Chimene ndikukuletsani mwamphamvu ndi mpikisano woumira mpweya pansi pa madzi, makamaka mutayamba mwapuma mofulumira kambirimbiri, chifukwa munthu amakomoka mwakachetechete ngakhale akhale katswiri wosambira.

Mukadzavalanso zida, pemphani mphunzitsi kuti tsiku loyamba lonse likhale la pamalo osaya, poti mukhoza kuimirira mutu n'kutuluka. Luso la masiki muligawe m'magawo ang'onoang'ono. Tsegulani pang'ono m'mphepete mwa pamwamba kuti madzi afike pansi pa maso, ndipo musafulumire kuwachotsa. Khalani nawo, mupume katatu kapena kanayi, mumve kuzizira kwake pa milomo ndi pa mphuno, muone kuti mpweya ukubwerabe monga kale. Mukatero kanikizani chapamwamba pa masiki ndi zala, kwezani chibwano pang'ono, tulutsani mpweya ndi mphuno mosalekeza, ndipo mudzaona mzere wa madzi ukutsika pa galasi mpaka kutha. Akapanda kutha ulendo umodzi, kokaninso mpweya ndi pakamwa mubwereze, chifukwa palibe amene akukuwerengerani nthawi. Kenako mudzaze masiki yonse, kenako muivule n'kuigwira m'manja kwa mphindi yathunthu, kenako musambire opanda masiki mnzanu atakugwirani dzanja. Ine ndimaona kuti cholakwika chachikulu pa kaphunzitsidwe ka luso limeneli ndi kuthamangira kuchotsa madzi, chifukwa zimaphunzitsa thupi kuti madziwo ndi mdani wofunika kuthamangitsidwa msanga, pamene phunziro lofunika n'lakuti munthu akhoza kupuma bwinobwino madzi ali kumaso mpaka kalekale.

Musalekere pochita zimenezi mutagwada pamchenga. Pa ngozi yeniyeni mudzakhala mukuyandama pakati pa madzi, ndipo munthu amene wadzaza mpweya m'chifuwa chifukwa cha mantha amayamba kukwera osadziwa. Choncho mukazolowera, bwerezani zonse mukuyandama chopingasa, ndipo mnzanu ayang'anire ngati mukukhalabe pa kuya komweko. Mukhozanso kugwirizana ndi mphunzitsi kuti azikupatsani chizindikiro chovula masiki pa nthawi imene simukuyembekezera. Cholinga n'chakuti manja azichita okha, monga mayi wozolowera kusenza ndowa amene amawongola mutu akapunthwa, asanaganize n'komwe za madzi amene wasenza.

Maluso ena a pangozi ndi ofunikanso, ngakhale kwa inu masiki ndiyo yoyamba. Regulator ikachoka m'kamwa, tulutsani timathovu ting'onoting'ono mosalekeza, pendekerani kudzanja lamanja, zunguzani dzanjalo kuchokera pa ntchafu kupita kumbuyo ndi kutsogolo kuti paipi ikodwe pa mkono, ndipo mukaibwezera m'kamwa chotsani madzi pouzira kapena podina batani la kutsogolo kwake musanakoke mpweya. Yesererani kupereka chizindikiro chakuti mpweya watha, chija chodutsitsa dzanja pakhosi, ndi kutenga regulator yachiwiri ya mnzanu, imene iyenera kukhala pachifuwa poonekera, kenako kukwera limodzi mutagwirana. Yesererani kupuma pa regulator imene ikutulutsa mpweya mosalekeza, osaitseka ndi milomo yonse. Mukafika pamwamba, yesererani kuuzira jekete ndi pakamwa ndiponso kutaya lamba wa mitovu (zitsulo zolemera zothandiza kumira) ndi dzanja limodzi, chifukwa pali anthu amene amafika pamwamba ali moyo n'kumiranso atavala mitovu imene akanatha kuimasula. Luso lokwera mosambira mpweya utatha, mukutulutsa mawu akuti "aaa" njira yonse, ndi la pa kuya kosapitirira mamita 9, ndipo limeneli musaliyeserere popanda mphunzitsi. Kunena zoona, munthu amene amayang'ana geji pafupipafupi n'kukonzekera kutuluka asanatsike pa ma bar 50 sangalifune kawirikawiri.

Mantha akayamba muli pansi, dongosolo limene amaphunzitsa pa maphunziro onse ndi loona: imani, pumani, ganizani, kenako chitani. Anthu ambiri amaliloweza koma amadumpha mbali yoyamba. Kuima kumatanthauza kusiya kupalasa miyendo, kugwira chingwe, mwala kapena mkono wa mnzanu, ndi kuyang'ana chinthu chimodzi chapafupi monga geji yanu. Popuma, ikani mtima pa kutulutsa mpweya kwa nthawi yaitali, chifukwa ndiko kumachotsa mpweya woipa uja, ndipo kukoka kumabwera kokha. Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pansi pa madzi kupuma kutatu kodekha kumakwanira kuti mutu uyambenso kugwira ntchito. Ngati mwaganiza zotuluka, tulukani ndithu, koma mosapitirira mamita 18 pa mphindi, ndipo makompyuta ambiri a pamkono amafuna pang'onopang'ono kuposa apo, pafupifupi mamita 10 pa mphindi, komanso muime pa mamita 5 kwa mphindi zitatu ngati mpweya ulipo.

Pa funso la Zambezi ndi Cahora Bassa yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndikukupemphani kuti musayese. Tonse a m'chigawo chino cha Tete tikudziwa mabanja amene analira chifukwa cha ng'ona, ndipo mvuu nazo sizifuna kuyandikiridwa. Madzi a Zambezi amathamanga ndipo nthawi zambiri ndi amatope moti simungaone dzanja lanu. Nyanja ya Cahora Bassa inapangidwa pomiza chigwa damu la ku Songo litatsekedwa mu 1974, choncho pansi pake pali mitengo yomira, kuwonjezera pa maukonde ndi zingwe za asodzi, ndipo zonsezi zimakola paipi ndi zipsepse. Kufupi ndi khoma la damu kuli makomo amene amakokera madzi ku makina a magetsi, ndipo kumeneko ndi kwa akatswiri olembedwa ntchito okha. Munthu amene akuchira ku mantha amafunika madzi oyera, odekha ndi osaya, ndipo malo awiriwa alibe chimodzi mwa zimenezi chodalirika.

Mwayi wathu ndi wakuti nyanja ya Malawi ili pafupi kuposa Tofo kapena Vilankulo. Ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay kuli masukulu a scuba, madzi ake ndi opanda mchere ndipo saluma m'maso mukavula masiki, ndipo nsomba za mbuna zimapezeka pa miyala yosaya, moti simufunika kutsika kwambiri kuti musangalale. Mukhoza kudzera pa chipata cha Zóbuè kulowera ku Mwanza, kapena cha Calómuè kulowera ku Dedza ngati mwadzera ku Angónia. Pewani masiku amene mwera ukuomba kwambiri m'nyengo yozizira. Kumbukirani kuti m'madzi opanda mchere mudzafuna mitovu yochepa kuposa ya ku Tofo, ndipo mitovu yochuluka imatopetsa munthu n'kumupatsa befu, limene ndi chiyambi cha mantha. Nyanjayi ili pamtunda wa mamita oposa 450 kuchokera pa nyanja ya mchere, choncho kompyuta ya pamkono kapena matebulo owerengera kuya ndi nthawi yokhala pansi pa madzi ayenera kukhala a malo okwera. Chinanso chimene anthu a kwathu amaiwala ndi ulendo wobwerera: msewu wa ku Dedza ndi Ulongué umakwera kupitirira mamita 1,000, ndipo kukwera mapiri mutangotuluka m'madzi n'koopsa mofanana ndi kukwera ndege pa nthawi yomweyo. Dikirani maola osachepera 12 ngati munalowa kamodzi, ndi 18 ngati munalowa kangapo kapena masiku angapo. Patapita miyezi ingapo mukayezetsenso likodzo.

Pemphani maphunziro okumbutsira, amene a bungwe lophunzitsa scuba la PADI amawatcha ReActivate, ndipo mukadzakhazikika ganizirani za maphunziro opulumutsa anzanu m'madzi otchedwa Rescue Diver, chifukwa kuphunzira kuzindikira mantha mwa mnzanu kumathandiza kuwazindikira msanga mwa inu eni. Ngati mantha oterewa amakugwiraninso pamtunda, m'minibasi yodzaza kapena m'chipinda chotsekeka, kapena ngati muli ndi mphumu kapena vuto la mtima, kaonaneni ndi dokotala musanavalenso silinda.

Mukakafika ku sukulu ya scuba, muuzeni mphunzitsi zonse zimene mwandilembera ine, musanalipire n'komwe, ndipo muone mmene akuyankhira. Akaseka kapena kunena kuti zitha zokha mukalowa, funani wina. Mugwirizanenso ndi mnzanu wolowa naye kuti aliyense akakweza chala chachikulu ulendo watha, popanda kufunsana chifukwa mpaka mutafika pa boti, ndipo ulendo woyamba wa kunyanja usapitirire mamita 6 mpaka mutavula ndi kuvala masiki pa kuya kumeneko mtima uli m'malo.