Zithunzi za ku Arctic Zopanda Anthu: Kuyankha Funso la Mphunzitsi

Mayi wina amene amaphunzitsa ku pulaimale wandilembera imelo kufunsa chifukwa chake zithunzi zojambula pamanja za ku Arctic, dera lozizira kwambiri la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, zimene amapeza pa intaneti zimangoonetsa madzi oundana ndi sitima, ngati kuti kumeneko kulibe anthu. Mayi, anthu aliko ndithu, koma zithunzi zimene zinatchuka kwambiri anajambula ndi alendo.

William Bradford wa ku America anafika ku Greenland mu 1869 pa sitima yotchedwa Panther, ndipo Lawren Harris wa ku Canada anayendera zilumba za kumpoto kwa dziko lake mu 1930. Luso lawo sindilikayikira, koma mlendo amajambula chimene chamudabwitsa, ndipo awiriwa chinawagwira mtima ndi mapiri a madzi oundana oyandama panyanja.

Chaka chomwecho chimene Bradford anafika, ku Kangeq, kachilumba ka pafupi ndi Nuuk, likulu la Greenland, kunamwalira mlenje wina dzina lake Aron, amene anabadwa mu 1822. Chifuwa chachikulu chitamufooketsa moti sankathanso kupalasa kabwato kake kachikopa, Aron anamva pempho la Hinrich Rink, mkulu wa boma la Denmark m'deralo, amene mu 1858 anapempha eni dziko kuti amutumizire nthano ndi zithunzi. Kuyambira pamenepo mpaka imfa yake, iye anajambula mazana a zithunzi, zina ndi utoto wosungunula m'madzi, zina mogoba pathabwa, zoonetsa alenje ali panyanja, mabanja ali m'nyumba zawo, komanso nthano za makolo zosimba nkhondo ya a Inuit, omwe ndi eni dzikowo, ndi azungu akale a ku Scandinavia. Chimene chimandipweteka n'chakuti zambiri mwa zithunzizi zinakhala ku Denmark zaka zochuluka, ndipo zinayamba kubwezedwa kwawo mu 1982.

Mukafuna moyo wa masiku ano, fufuzani dzina la Annie Pootoogook wa ku Kinngait, ku Canada, amene analandira mphoto ya zaluso ya ku Canada yotchedwa Sobey mu 2006. Iye ankajambula ndi mapensulo amitundumitundu anthu akuonera TV, akugula zakudya m'sitolo, ngakhalenso nkhanza za m'banja, osabisa kanthu. Ophunzira anu aonetseni chithunzi cha Harris pambali pa cha Aron, kenako muwafunse kuti mwa awiriwa ndani ankagona m'mudzimo.