Tifunseni: N'chifukwa chiyani RQ ya mafuta ndi yotsika kuposa ya shuga?

Funso: Akonzi, ndine wophunzira wa Fomu 4 ku Luchenza, m'boma la Thyolo. M'buku la Biology ndawerenga kuti respiratory quotient ya shuga ndi 1.0 pomwe ya mafuta ndi 0.7. Manambalawa ndawaloweza, koma sindikumvetsa kumene akuchokera. Chonde ndithandizeni.

Yankho: Mwachita bwino kusakhutira ndi kuloweza, chifukwa manambalawa mukhoza kuwapeza nokha ndi pensulo. Respiratory quotient, mwachidule RQ, timaipeza tikatenga kuchuluka kwa mpweya wa carbon dioxide umene maselo atulutsa n'kugawa ndi kuchuluka kwa okosijeni amene agwiritsa ntchito pophwanya chakudya kuti apeze mphamvu.

Molekyulu imodzi ya glucose, umene ndi mtundu wa shuga, imafuna mamolekyulu 6 a okosijeni ndipo imatulutsa 6 a carbon dioxide, choncho yankho ndi 1.0.

Pa mafuta ndi pamene pagona nkhani. Glucose ali kale ndi maatomu 6 a okosijeni pa maatomu 6 a kaboni, koma palmitic acid, amene amapezeka m'mafuta ambiri, ali ndi maatomu 2 okha a okosijeni pa maatomu 16 a kaboni ndi 32 a haidrojeni. Haidrojeni yenseyo ayenera kusanduka madzi, ndipo okosijeni wogwira ntchito imeneyi amachokera mu mpweya umene tapuma, koma satulukanso ngati carbon dioxide. N'chifukwa chake pophwanya molekyulu imodzi ya palmitic acid maselo amalowetsa mamolekyulu 23 a okosijeni n'kutulutsa 16 okha a carbon dioxide, ndipo mukagawa 16 ndi 23 mupeza pafupifupi 0.7. Mapuloteni ali pakati, pafupifupi 0.8.

Izi si za m'buku zokha. Amayi akaviika chimanga n'kuchifunditsa kuti chimere apange chimera cha thobwa, njerezo zimafunda mukapisamo dzanja chifukwa zikupuma, ndipo poti zikudya sitachi, RQ yake imayandikira 1.0. Mtedza ukamamera umadalira mafuta ake, motero nambala yake imatsika. Ife anthu timadya zosakaniza, nsima, nyemba ndi mafuta ophikira, ndiye RQ yathu tikakhala phee imakhala cha m'ma 0.8.

Musamale ndi yisiti, tizamoyo tating'onoting'ono timene timawiritsa mowa. Thovu limene limatuluka mumphika mowa ukamawira ndi carbon dioxide wotuluka popanda okosijeni aliyense wolowa, ndipo popeza nambala siigawika ndi ziro, mabuku amati RQ yake ilibe malire.